Mankhwala a m'maso si obwerekana

M'mwezi wa February chaka cha 2024, Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti ku Karonga kwabuka matenda ofiiritsa maso amene ambiri ankangowatchula kuti pink eye. Sipadatenge nthawi, matendawo adafika kuno ku Lilongwe. M'maminibasi ochoka ku Old Town kupita ku City Centre munkapezeka anthu ovala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake omuuza mnzake kuti akagule. Mliriwo udazilala, koma udatisiyira timabotolo tambiri m'makabati ndi m'zikwama, ndipo tina mwa timabotoloti muli mankhwala a mtundu wa steroid. M'nkhani ino ndikufuna kupereka maganizo anga akuti mankhwala amenewa, ngakhale ndi abwino komanso ofunika, sayenera kugulidwa, kubwerekedwa kapena kupatsidwa kwa mnzathu pokhapokha munthu wodziwa za maso atayamba waliyeza disolo.

Tiyambe ndi kuwadziwa mankhwalawa. Pamwamba pa impso za munthu pali tiziwalo tiwiri timene timatulutsa timadzi totchedwa cortisol, ndipo imodzi mwa ntchito za timadziti ndi kuchepetsa kutupa m'thupi. M'chaka cha 1948, dokotala Philip Hench wa pachipatala cha Mayo Clinic ku America adapereka mankhwala ofanana ndi timadziti, otchedwa cortisone, kwa mayi wina wodwala nyamakazi, ndipo mayiyo adapeza bwino m'masiku owerengeka. M'chaka cha 1950, Hench adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein. Madokotala a maso nawonso sadachedwe kuyamba kuwagwiritsa ntchito. Lero mankhwalawa timawapeza m'mabotolo olembedwa mayina monga dexamethasone, prednisolone, betamethasone ndi hydrocortisone. Kawirikawiri amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya monga neomycin kapena tobramycin m'botolo limodzi.

Sindikunena kuti mankhwalawa ndi oipa ayi. Gogo amene wachotsedwa ng'ala ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central Hospital, kapena ku Nkhoma, amapatsidwa mankhwala a steroid kuti diso lisatupe opaleshoni ikatha. Palinso nthenda yotupitsa m'kati mwa diso, yotchedwa uveitis, imene ingachititse munthu khungu ngati sapatsidwa mankhwala omwewa. Koma taonani m'mene dokotala amawaperekera. Amayamba wayeza diso, amanena kuti madontho angati patsiku ndiponso kwa masiku angati, amawachepetsa pang'onopang'ono, kenaka amauza wodwalayo tsiku loti adzabwerenso. Tikagula tokha botololo, timatenga mankhwala okha n'kusiya chisamaliro chonsechi.

Vuto lagona pa m'mene mankhwalawa amagwirira ntchito. Kufiira kwa diso ndi chizindikiro chabe, ndipo kumayamba pazifukwa zambiri: fumbi, utsi, vayirasi, mabakiteriya, chilonda, kapena kuvulala. Steroid sapha kachilombo kalikonse. Chimene amachita ndi kufooketsa chitetezo cha thupi pamalo amene wadonthezedwapo, kotero kufiira, kuyabwa ndi kupweteka kumachepa msanga. Zili ngati kutontholetsa galu amene akuuwa usiku osatuluka kukaona chimene akuuwa. Ngati galuyo amauwa mphepo, mugona bwino. Ngati amauwa wakuba, mudzapeza khola lili pululu m'mawa. Munthu wamba, ngakhale wophunzira bwanji, sangasiyanitse zimenezi pongodziyang'ana pagalasi.

Choopsa choyamba ndi chilonda cha pa kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene madokotala amakatcha cornea. Chilonda chotere chimatha kuyamba ndi vayirasi ya herpes, kapena ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timalowa diso likakandidwa ndi tsamba la chimanga, udzu kapena kamtengo. Tisaganize kuti zimenezi ndi za kumudzi kokha, chifukwa ambiri a ife mumzinda muno tili ndi minda ndi madimba, ndipo anthu osamalira maluwa m'mipanda ya ku Area 10 amadula nthambi tsiku ndi tsiku. Steroid akadonthezedwa pa chilonda chotere, ululu umachepa koma tizilombo timaswana momasuka. Chilondacho chimakula, mwina mpaka diso kuboola, ndipo chikapola chimasiya chipsera choyera chotchinga kuona.

Choopsa chachiwiri ndi nthenda ya glaucoma. M'kati mwa diso mumayenda timadzi timene timalowa ndi kutuluka, ndipo mphamvu yake pa muyeso wa madokotala imakhala pakati pa 10 ndi 21 mwa anthu ambiri. Steroid amatha kutseka njira yotulukira timadziti, mphamvu ija n'kukwera mpaka kuwononga mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. M'zaka za m'ma 1960, madokotala Mansour Armaly ndi Bernard Becker ku America adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mphamvuyi imakwera akadontheza steroid kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse imakwera kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri sizipweteka. Munthu amayamba kusiya kuona za m'mbali osazindikira, ndipo mtsempha ukafa palibe mankhwala kapena opaleshoni youdzutsa. Choopsa chachitatu ndi ng'ala, imene timaidziwa ngati nthenda ya okalamba, koma imagwira ngakhale wachinyamata amene wagwiritsa ntchito steroid kwa miyezi yambiri.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana. Tonse timawadziwa ana aja, makamaka anyamata, amene maso awo amakhala ofiirira moderako ndipo amangowatikita nthawi zonse, makamaka m'miyezi ya fumbi kuyambira August mpaka mvula itagwa. Ambiri mwa iwo ali ndi nthenda ya kuyabwa kwa maso imene imabwera ndi kupita kwa zaka zingapo, n'kudzachepa yokha mwana akamakula. Kholo likadontheza steroid limaona zodabwitsa, pakuti masiku awiri okha maso ayera ndipo mwana akugona tulo. Mankhwala akatha kuyabwa kumabwerera, khololo n'kukagula botolo lina, kenaka linanso. Likuchita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma maso a ana amakwera mphamvu msanga kuposa a akulu, ndipo mwana sadziwa kunena kuti sakuona bwino m'mbali. Apa m'pamene akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyeneranso kunena za m'mene botolo limayendera mumzinda uno. Ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47 kumakhala anthu ambiri okhoza kulipira chipatala cholipira. Iwo amayezedwa bwino, amapatsidwa mankhwala oyenera, ndipo akachira botolo lotsala limakhala m'kabati. Tsiku lina wantchito wa m'nyumba kapena mlonda akadandaula za maso, abwana amatulutsa botolo lija mwachifundo. Madzulo botololo limakagona ku Mtandire, ku Kauma kapena ku Senti, kumene limakathandizanso anansi. Azakhali anga, amene amagwira ntchito m'nyumba ina ku Area 43, adabwera nalo botolo lotere kuti azidontheza mwana wawo wa zaka 8. Nditawerenga ndidapeza kuti ndi dexamethasone, ndipo nditawafotokozera adandiyankha kuti, "Mwanangu, nanga adona angandipatse chinthu choipa? Iwo adachira nacho chomwechi." Sadalakwitse poganiza kuti adonawo adali ndi mtima wabwino. Koma nthenda ya adona si idali nthenda ya mwanayo, ndiponso botolo likatsegulidwa siliyenera kupitirira masabata 4 likugwirabe ntchito. Kuonjezera apo, kamlomo ka botolo kakakhudza diso lodwala kamatengera tizilombo ku diso lina.

Njira ina ya botolo ndi ya malonda. Malamulo a dziko lino salola kugulitsa mankhwala a chipatala pamsika kapena m'mbali mwa msewu, ndipo mankhwala a steroid odontheza m'maso ndi ofunika kalata ya dokotala. Bungwe loona zimenezi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Koma lamulo lili papepala, pamene wogula ndi wogulitsa ali maso ndi maso. Wogula akufuna mankhwala amphamvu oti mawa apite kuntchito maso atayera, ndipo wogulitsa akudziwa kuti botolo la steroid ndilo lidzamubweretsenso kasitomalayo akuyamikira. Choncho udindo uli mbali zonse ziwiri, ndipo ife ogula tisamakakamize wa m'famase amene watiuza kuti tiyambe tapita kuchipatala.

Ena anganene kuti ndikuyankhula ngati munthu wosadziwa mavuto a m'zipatala zathu: mizere italiitali, kuchepa kwa madokotala a maso, kukwera mtengo kwa minibasi, ndi kuuzidwa pomaliza kuti mankhwala kulibe, mukagule. Zonsezi ndi zoona, ndipo boma liyenera kuzikonza. Komabe tsiku limodzi lotayika pamzere silingafanane ndi diso lotayika moyo wonse. Ndiponso ife a mu Lilongwe tili ndi mwayi woposa anzathu ambiri. Tili ndi Bwaila ku Old Town, zipatala zazing'ono za ku Area 18, Area 25 ndi Kawale zimene zimatumiza odwala ku chipatala cha maso, komanso sukulu ya Malawi College of Health Sciences imene imaphunzitsa madokotala othandiza a maso mumzinda momwe muno. Kuyeza kwake sikutenga nthawi. Amadontheza utoto wachikasu wotchedwa fluorescein, n'kuunika ndi nyali yobiriwira ngati thambo, ndipo ngati pali chilonda chimaoneka pomwepo. Tikumbukirenso kuti kufiira kwa maso koyamba ndi vayirasi, monga kwa mu 2024, kawirikawiri kumatha kokha pakapita sabata imodzi kapena awiri. Chofunika ndi kusamba m'manja ndi sopo, kupukuta manthongo ndi kansalu koyera konyowa, ndi kusabwerekana mathawulo. Koma diso likamapweteka kwambiri, likamaopa kuwala, likamaona mwachimbuuzi, likatuluka kadontho koyera, likavulala, kapena ngati wodwalayo ndi khanda, tisazengereze.

Ife ophunzira zinenero nkhaniyi ikutikhudza m'njira inanso. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku timabotolo tonse timangotitchula kuti mankhwala a m'maso, ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Kapepala ka malangizo ka m'katoni kamalembedwa m'Chingerezi chovuta, m'zilembo zing'onozing'ono zoti munthu wodwala maso sangaziwerenge n'komwe. Kafukufuku amene Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo adasindikiza m'chaka cha 1994 adapeza kuti kumidzi ya dziko lino, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse a nthenda za cornea adali atayamba wathira mankhwala azitsamba m'maso asadafike kuchipatala. Ife a m'tauni timafulumira kuwaseka anthu otere, koma amene akudontheza botolo losadziwa dzina lake akuchita zomwezo, kungoti mankhwala ake ali ndi katoni yokongola.

Dziko lino lidaonetsa kale kuti uthenga womveka umapulumutsa maso. M'mwezi wa September chaka cha 2022, bungwe la World Health Organization lidatsimikiza kuti Malawi wathana ndi nthenda ya maso ya trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, kukhala dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Padali mankhwala ndi maopaleshoni, koma padalinso uthenga wosavuta wakuti ana azisamba kumaso ndi kuti pakhomo pazikhala paukhondo, umene udafika kwa anthu m'zinenero zawo. Tingachite chimodzimodzi ndi steroid. Ndikupempha kuti botolo lililonse lotere lizimatidwa kapepala ka zilembo zikuluzikulu m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao konena kuti: "Mankhwala awa ndi anu nokha. Musapatse munthu wina. Musagulenso ena musadaonane ndi dokotala." Kulemba mawu otere momveka, ndi kupeza mayina osiyanitsa mitundu ya mankhwala a m'maso, ndi ntchito imene madipatimenti a zinenero angagwire mothandizana ndi a zaumoyo.

Pomaliza, aliyense wa ife ayambe ndi kabati ya kunyumba kwawo. Tiwerenge mayina a pa timabotolo timene tili m'menemo, titaye takale, ndipo mnzathu akatipempha mankhwala a m'maso, timuthandize ndi ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala m'malo mwa botolo. Tisanadontheze chilichonse m'diso, tifunse wodziwa, pakuti safunsa adadya phula.