Kufewetsa Mfuti ya Mlenje

Mfuti yokhala ndi chokokera pansi, monga Winchester 1894 imene John Browning anapanga, imatulutsa chikhokho n'kulowetsa chipolopolo china mlenje akakankha chokokeracho n'kuchibweza. Ikamalimba, vuto loyamba limakhala litsiro: fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi mafuta ochuluka limasanduka phala louma. Mankhwala ake n'kutsuka, kupaka mafuta pang'ono ndi kusalaza pamene zitsulo zimakhulana. Choombera chimafuna kusamala kwambiri. Kachitsulo kogwira hamala kakapalidwa mopyola, mfuti itha kulira yokha ikagunda pansi, choncho ntchitoyi ndi ya mmisiri wa mfuti, ndipo mfutiyo ikhale yopanda zipolopolo.