Mlimi wa matimati amene anagwaditsa boma la Britain

Lonjezo ndi ngongole. Boma la Britain linakumbutsidwa zimenezi mu 1980 ndi nkhalamba ya zaka 67 ya ku Wales, imene inalengeza kuti idzaleka kudya mpaka kufa ngati boma silibweza mawu ake. Nkhalambayo inali a Gwynfor Evans.

Bambo Evans anabadwa mu 1912 m'tauni ya Barry. Anakula akuyankhula Chingerezi, ndipo Chiwelshi, chiyankhulo cha makolo awo, anachiphunzira atakula kale. Anachita maphunziro a zamalamulo ku Aberystwyth ndi ku Oxford, koma m'malo mokhala mu ofesi anakakhazikika ku Llangadog, m'chigawo cha Carmarthenshire, n'kumalima matimati ogulitsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakana kulowa usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chawo chachikhristu.

Mu 1945 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Plaid Cymru, chipani chofuna kuti Wales idzilamulire yokha, ndipo mpandowo anaukhala zaka 36. Chinali chipani chochepa mphamvu chopanda phungu ngakhale mmodzi.

Mtima wawo unasweka pa nkhani ya Tryweryn. Mzinda wa Liverpool, ku England, unkafuna madzi, ndipo mu 1957 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaloleza kuti pamangidwe damu m'chigwa cha Tryweryn, ngakhale panalibe phungu wa ku Wales ndi mmodzi yemwe amene anavomereza. A Evans anatsogolera anthu a m'mudzi wa Capel Celyn kukadandaula m'misewu ya Liverpool, koma sizinaphule kanthu. Pofika 1965 mudziwo unali utamira, pamodzi ndi sukulu ndi tchalitchi chake. Achinyamata ena a m'chipani anawadzudzula kuti ngofatsa mopitirira muyeso, koma iwo anakanitsitsa njira ya chiwawa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 14 July 1966, pa chisankho chapadera cha ku Carmarthen chimene chinachitika atamwalira mayi Megan Lloyd George, a Evans anapambana n'kukhala phungu woyamba wa Plaid Cymru. Atafika ku London anapempha kulumbira m'Chiwelshi, koma anawakaniza. Mpandowo unawapulumuka mu 1970. Mu February 1974 analephera ndi mavoti atatu okha, mu October chaka chomwecho anaulandanso, ndipo mu 1979 anagwanso. Chaka chomwecho anthu a ku Wales, anayi mwa asanu alionse amene anavota, anakana zokhala ndi nyumba yawoyawo ya malamulo. Ambiri anati ndale za mkuluyu zathera pamenepo.

Koma pa chisankho cha 1979 chipani cha Conservative, chotsogozedwa ndi mayi Margaret Thatcher, chinali chitalonjeza wailesi yakanema ya Chiwelshi. Chitangolowa m'boma, nduna yoona za m'dziko, a William Whitelaw, inatembenuza lilime. A Evans ankaona kuti ana akamangomva Chingerezi chokhachokha pabalaza madzulo alionse, chiyankhulo cha agogo awo chidzafera m'nyumba momwemo. Mu May 1980 analengeza kuti kuyambira pa 6 October sadzalawanso chakudya.

Misonkhano yawo inadzaza, ndipo anthu ambiri anakana kulipira chiphaso cha wailesi yakanema. Akuluakulu atatu olemekezeka, mmodzi mwa iwo Arkibishopu wa Wales, anakachenjeza a Whitelaw kuti munthu uyu akafa, dziko lidzayaka moto. Pa 17 September boma linagonja, a Evans asanaphonye ngakhale chakudya chimodzi. Wailesi ya S4C inayamba kuulutsa pa 1 November 1982.

Funso limene anthu amakanganabe nalo ndi ili: kodi munthu wokana chiwawa n'koyenera kuopseza boma ndi imfa yake yomwe? Ena amati kunali kukakamiza. Ena amati analibe chida china chotsala koma thupi lake.

Mu 1997 anthu a ku Wales anafunsidwanso, ndipo anavomera mwa ndendende, ndi mavoti 50.3 pa 100 alionse. Zotsatira zomaliza, zimene zinadula mlandu usiku umenewo, zinachokera ku Carmarthenshire kwawo kwa a Evans. Nyumba ya malamulo ya Wales inatsegulidwa ku Cardiff mu 1999 iwo akadali moyo. Anamwalira pa 21 April 2005 ali ndi zaka 92.