Botolo la chifuwa silinunkha

Ku Mlolo, m'boma la Chadiza, palibe gogo amene sadziwa fungo la chamba. Kachasu nayenso sabisika: mnyamata akangoyasamula, nyumba yonse yadziwa. Boma litaletsa tujilijili mu 2012, makolo ankadziwa choti afufuze m'matumba a ana. Nanga kabotolo ka mankhwala a chifuwa m'chola cha mwana wa Giredi 10, ndani angakakayikire? Amayi amangoti mwana ali ndi chimfine, mwinanso n'kumuonjezera ndalama.

Ife a m'tauni timadziwa kuti ena mwa mabotolo amenewa ali ndi codeine. Timadziwa diazepam, amene ambiri amati Valium, ndi tramadol. Taonapo anzathu ku Lusaka ndi ku Chipata akuthira zimenezi m'zakumwa. Ndipo ndife timakwera basi pa Khirisimasi kupita kumudzi, kumene ang'ono athu amatengera zonse: nsapato, kametedwe, kayankhulidwe, ngakhale chimene tanyamula m'manja. Malire a Chanida ali m'boma lomweli, choncho n'kosavuta kuloza chala ku Mozambique. Koma mwana sayamba chinthu chifukwa chadutsa pamalire. Amayamba chifukwa waona mkulu wake akumwa, ali phee.

Codeine akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa morphine, m'bale wake wa heroin. Ukamuphatikiza ndi diazepam kapena mowa, kupuma kumachepa munthu ali m'tulo, ndipo ena sadzukanso. Tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Tsono taganizirani mtsikana wa zaka 16 atagwa choncho pakhomo. Achibale amene sanamvepo dzina la tramadol adzayamba kufunsana kuti wamulodza ndani, ndipo nthawi yothamangira naye ku kiliniki idzathera pa milandu ya ufiti. Chainama, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, chili ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu ndi ndalama za matumba angapo a chimanga.

Malamulo alipo. ZAMRA ndiyo imapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala, a DEC amagwira ozembetsa, ndipo dziko la Nigeria linafika poletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018. Koma wa DEC sagona m'gowelo. Amene amaona kuti mnyamata akuwodzera masana, maso ali ofiira, ndi ife.

Tikafika kumudzi, tiwatchulire amayi ndi amalume maina atatuwa, tiwaonetse pamene amalembedwa pa botolo. Kantemba kogulitsa mapiritsi otere popanda kalata ya adokotala, anyakwawa akadziwe. Ndipo mng'ono wathu akapezeka kuti anazolowera kale diazepam, tisamulande n'kumutsekera m'nyumba, chifukwa kusiya mwadzidzidzi nakonso kumagwetsa. Timuperekeze kwa anesi, tikanene zoona za chimene wakhala akumwa ndi kuchuluka kwake.