ZA MAIKO AKUTARI: Linga la Aroma ku York, ndi Zimene Nthaka Inasunga

Mwezi uno nkhani yathu icokera ku York, mudzi waukuru wa kumpoto kwa dziko la England. Aroma aja timawamva m'Mthenga Wabwino, asilikari a Kaisara, sanakhala ku Yudeya kokha ai. Ufumu wao unafika ndi ku cisumbu ca Britain comwe, ndipo mudzi wa York anauyamba ndi iwowa. Tsono tiyeni timve umo anaumangira, ndi zimene anthu okumba pansi apeza m'menemo.

Kumpoto kumeneko kunali mtundu wa anthu, dzina lao Brigantes, ndipo mfumu yao yaikazi Cartimandua inali bwenzi la Aroma. Koma iye anasiyana ndi mwamuna wace Venutius, ndipo m'caka ca 69 mwamunayo anamlanda ufumu. Aroma pakuona kuti bwenzi lao lagwa, anatumiza nkhondo. M'caka ca 71 Gulu Lacisanu ndi Cinai, la asilikari ngati 5,000, linafika pamene mtsinje wa Foss uthira m'mtsinje wa Ouse, nilimanga linga pomwepo. Malowo anawasankha mwanzeru, pakuti mitsinje iwiriyo inatsekera adani mbali ziwiri, ndipo ngalawa za zakudya zinatha kukwera mu Ouse kucokera kunyanja. Lingalo linali la ngondya zinai, lalikuru maekala 50. Poyamba analimanga ndi dothi ndi mitengo, pambuyo pace ndi miyala. Dzina lace analiti Eboracum.

Msilikari wa Aroma anagwira nchito zaka 25, ndipo masiku ambiri sanagwira lupanga koma khasu ndi nkhwangwa, kulambula miseu ndi kuocha njerwa. Mmodzi wa iwo timdziwa dzina cifukwa ca mwala wa pa manda ace: ndiye Lucius Duccius Rufinus, wonyamula cizindikilo ca gulu, wobadwira ku Vienne m'dziko limene lero tiliti France, amene anamwalira ali ndi zaka 28. Mwala wina, umene anaupeza m'caka ca 1854, unena kuti gululo linamanga nyumba ya miyala m'caka ca 107 kapena 108. Ndipo uwu ndiwo mbiri yotsiriza ya gululi ku Britain. Monga m'caka ca 122, masiku a Kaisara Hadrian, kunafika Gulu Lacisanu ndi Cimodzi, nilikhala ku York kufikira mapeto a ufumu wa Aroma m'cisumbuco.

Mafumu awiri a Aroma anafera m'mudzi umenewu. Woyamba ndiye Septimius Severus, mwana wa Africa, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya. Iye anadza ku Britain m'caka ca 208 kudzathira nkhondo mitundu ya ku Scotland, nalamulira ufumu wonse ali ku York, namwalira pa 4 February 211. Okumba pansi apeza miphika youmbidwa ku York komweko m'masiku amenewo, koma maumbidwe ace ndi a ku Africa ya kumpoto, oyenera kukhazika pa mbaula. Ici cionetsa kuti ena mwa anthu a nkhondowo anakumbukirabe maphikidwe a kwao. Severus anasiyira ufumu ana ace awiri kuti aulamulire pamodzi, koma cisanathe caka Caracalla anaphetsa mbale wace Geta. Atate anagonjetsa maiko, koma udani wa m'nyumba mwace sanatha kuugonjetsa.

Waciwiri ndiye Constantius, amene anamwalira pa 25 July 306. Pomwepo asilikari a ku York anapfuula kuti mwana wace Constantine alowe ufumu. Masiku amenewo Eklezia anali m'masautso akuru, pakuti kuyambira 303 Kaisara Diocletian analamula kugumula nyumba za Mulungu ndi kutentha mabuku oyera. Constantine anapambana nkhondo pa ulalo wa Milvian pafupi ndi Roma m'caka ca 312, ndipo m'caka ca 313 anapangana ndi mfumu inzace Licinius ku Milan kuti Akristu apembedze mwaufulu. Caka cotsatira, pa msonkhano wa Aepiskopi ku Arles, panali Episkopi wa ku York, dzina lace Eborius. M'menemo tizindikira kuti m'mudzi wa asilikariwo munali kale Akristu okwanira kukhala ndi mbusa wao. Tisayese kuti Constantine anali munthu wopanda cirema. Anakhetsa mwazi wambiri, ndipo ubatizo anaulandira ali pafupi kufa m'caka ca 337. Koma mtendere wa Eklezia unadzera m'dzanja lace.

Monga m'caka ca 410 ulamuliro wa Aroma unatha ku Britain, koma nkhondo sizinaleka ku York. Paulinus Woyera anabatiza mfumu Edwin kumeneko pa Paskha wa 627, m'kanyumba ka Mulungu ka mitengo. M'caka ca 866 ankhondo a ku Denmark analanda mudziwo, nausandutsa Jorvik. Mu September 1066 kunacitika nkhondo ziwiri pafupi pace, ku Fulford ndi ku Stamford Bridge. M'zaka za 1069 ndi 1070 mfumu William, pofuna kulanga anthu a kumpoto amene anampandukira, anatentha midzi ndi nkhokwe, napha ziweto, ndipo njala inatha anthu osawerengeka. M'caka ca 1644 mudziwo unazingidwa pa nkhondo ya paciweniweni, nugonja itatha nkhondo ya ku Marston Moor ya pa 2 July. Ndipo pa 29 April 1942 ndege za ku Germany zinaponya mabomba usiku, nizipha anthu ambiri, pamodzi ndi Asisteri asanu a ku Bar Convent.

Nanga za Aroma zinapulumuka bwanji m'zonsezi? Nthaka ndiyo inazisunga. Mbadwo uli wonse unamanga pamwamba pa mabwinja a makolo, cotero kuti pansi pa mudzi pali miyalo yosanjikizana, ya kale pansi, ya catsopano pamwamba. Cifukwa cace akatswiri sakumba monga tikumbira citsime ai. Apala pang'ono pang'ono, nalemba malo a phale liri lonse, pakuti ndalama kapena phale lopezeka m'muyalo ndilo liwauza zaka zace. Kuyambira 1967 kufikira 1972, polimbitsa maziko a nyumba ya Mulungu yaikuru ija, York Minster, imene nsanja yace inafuna kugwa, anapeza pansi pace bwalo la akuru a nkhondo a Aroma. Mzati umodzi wa miyala anaupeza uli cigonere, nauimikanso pabwalo m'caka ca 1971. Nsanja ya pa ngondya ya linga, ya mbali khumi, ikali ciimire lero lino.

Zina zimene anapeza ziri zocititsa cisoni. M'zaka za 2004 ndi 2005, ku Driffield Terrace, anafukula mafupa a anthu ngati 80, pafupi onse amuna, ambiri odulidwa mitu. Ndipo pa pfupa la m'cuuno la mmodzi pali zipsera za mano a cirombo conga mkango. Akatswiri ambiri ayesa kuti ena mwa iwo anali anthu omenyana m'bwalo la masewera, kumene imfa ya munthu inali cokondweretsa khamu.

Koma miyala ina inena zina. Kufikira masiku a Severus lamulo linakaniza msilikari wamba kukwatira ali pa nchito. Komabe manda a ku York adzala ndi maina a akazi ndi ana. Gaius Aeresius Saenus, msilikari wopuma wa Gulu Lacisanu ndi Cimodzi, anaimika mwala wa mkazi wace Flavia Augustina, nalembapo kuti anakhala ndi moyo zaka 39, miyezi 7 ndi masiku 11. Ana ao awiri anafa asanakwanitse zaka ziwiri, koma mmisiri anawasema ngati ana osinkhuka, oimirira pamaso pa atate ndi amai. Msilikari wina, Felicius Simplex, anaika mwana wace Simplicia Florentina, wa miyezi khumi, m'bokosi la mwala, namnena mzimu wosalakwa konse. Ndipo m'caka ca 1901 anapeza manda a mkazi wacuma wa zaka za m'ma 300, wobvala makoza a mnyanga wa njobvu ndi a mwala wakuda; pambali pace panali kapfupa kozokotedwa mau ompatsa mlongo moni ndi kumfunira moyo mwa Mulungu. Akatswiri amene anayesa mafupa ace ananena m'caka ca 2010 kuti kapena makolo ace ena anacokera ku Africa ya kumpoto.

Abale, taonani: munthu amene awerenga ngakhale masiku 11 a moyo wa mkazi wace ndiye munthu amene anamkonda ndithu. Asilikari awa anali akunja, osadziwa Sakramenti la Ukwati, okhala kutari ndi kwao pansi pa lamulo louma. Koma akazi ndi ana ao sanawaiwala. Nanga ife amene tinalumbira pamaso pa altare? Amuna ambiri amacoka pamudzi kunka kukafuna nchito, ndipo ici si cimo. Cimo ndilo kukhala cete zaka, osatumiza mau kapena thandizo, kufikira ana aiwala nkhope ya atate wao. Inu atate muli kutari, kumbukirani nyumba yanu mwezi uno. Inu amai otsala, musaleke kuchula dzina lace pa mapemphero a madzulo pamodzi ndi ana. Tipempherenso onse amene ali m'maiko a nkhondo lero.