Matikiti a pa Silver ndi x wathu uja

Lero ndili ndi kadandaulo, ndipo kakukhudza ifeyo ogwira choko, osati ana ayi.

Teremu ino, pokumbutsana zakale ndi Fomu 3, ndinawapatsa funso longopeka ndekha. Pa mpira wina pa bwalo la Silver ku Area 47 anagulitsa matikiti 500. Ku open tikiti inali K2,000, ku covered K5,000, ndipo ndalama zonse zinakwana K1,300,000. Kodi mbali iliyonse kunalowa anthu angati? Ndinalemba m'Chingerezi, monga mmene MANEB imafunsira. Kalasi yonse zii! Ena anayamba kumwaza x ndi y paliponse, wina mpaka anaphatikiza 500 ndi 2,000, anthu ndi makwacha thumba limodzi.

Nditatopa ndinangolinena funso lomwelo m'Chichewa, ngati tikucheza pa siteji. Mnyamata wina wa ku Mgona, amene Loweruka amathandiza malume ake ukondakitala pa minibasi ya ku Area 25, anakweza dzanja asanagwire n'komwe cholembera. "Sala, ku covered kunali anthu 100." Ndinamufunsa kuti wazitenga kuti. Iye anati, onse 500 akanalowa ku open, ndalama zikanakhala K1,000,000. Ndiye pali K300,000 yapamwamba. Aliyense wa ku covered amawonjezera K3,000, choncho K300,000 kugawa ndi K3,000 ndi anthu 100, ndipo 400 otsalawo ndi a ku open. Basi, n'kukhala pansi.

Mwana ameneyu pa mayeso a teremu yatha analephera masamu. Ine ndi amene ndinamulembera nambala yofiira ija.

Chimene anachitacho ndi aljebra yeniyeni. Lembani x + y = 500 ndi 2,000x + 5,000y = 1,300,000, chulukitsani mzere woyamba ndi 2,000 n'kuchotsera pa wachiwiri, mutsala ndi 3,000y = 300,000. Ndi njira yake ija ndendende, tangoiveka yunifolomu. Ndipo si nzeru ya dzana. Buku lakale la ku China lotchedwa Sunzi Suanjing lili ndi funso la mbalame ndi akalulu m'khola limodzi, mitu 35, miyendo 94. Al-Khwarizmi, amene buku lake la cha m'ma 820 ku Baghdad linatipatsa dzina loti aljebra, analemba zonse m'mawu, wopanda x ndi mmodzi yemwe. Chizolowezi cha x, y ndi z chinadza ndi René Descartes mu 1637. Anthu anatha zaka mazana ambiri akuganiza m'mawu asanafike pa zilembo, koma ife timafuna mwana wa ku Biwi adumphe ulendo wonsewo m'piriyodi imodzi, m'chiyankhulo chimene kunyumba sachiyankhula.

Maganizo anga ndi awa: zilembo zizibwera pomaliza. Mwana ayambe wafotokoza nkhaniyo m'Chichewa, anene kuti tikuwerenga zinthu ziwiri, mitu ya anthu ndi ndalama, ndipo chilichonse chili ndi mzere wakewake. Anene ndi pakamwa kuti x si "tikiti" koma kuchuluka kwa matikiti. Akadutsa apa, zotsalazo n'zamanja chabe.

Ndikudziwa zimene munene, chifukwa mnzanga wina wandiuza kale mu sitafurumu. Mayeso a MSCE sabwera m'Chichewa, silabasi ndi yaitali, ana ndi odzaza mpaka pakhomo. Zoona zonsezo. Zoonanso n'zakuti njira ya pamtima imagwa mukangowonjezera mtengo wachitatu wa ku VIP, ndiye zilembo sitingazithawe. Koma nthawi imene timati tikupulumutsa ija timailipira Fomu 4, tikubwereza mutu womwewo kwa ana oloweza njira amene sadziwa kuti mzere woyamba ukuwerenga chiyani.

Tsiku lotsatira ndinasintha nambala imodzi yokha: ndalama zonse K1,301,000. Anawerengera, yankho n'kutuluka anthu 100 ndi kachidutswa ka munthu. Ambiri anayamba kufufuta, poganiza kuti alakwitsa. Mtsikana wina wa ku Chinsapo ndiye anati, "Sala, apa wina wanama." Ndithu! Palibe amene amalowa pa geti ali chidutswa, ndiye mwina matikiti sanali 500, mwina ndalamazo sanawerenge bwino. Inu okonda Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers mukudziwa mmene timadandaulira tikamva ndalama za pa geti zimene zalengezedwa, pamene bwalo tinaliona ndi maso athu litadzaza.

Kenaka mnyamata wa minibasi uja anatidabwitsanso. Anati wakuba wochenjera angachotse K30,000 pa K1,300,000 ija, masamu n'kutuluka bwinobwino, 90 ku covered, 410 ku open, popanda wozindikira, pokhapokha wina atawerenga zotsalira za mabuku a matikiti. Belu linalira tikukanganabe za amene ayenera kusunga mabukuwo, ndipo ntchito ya kunyumba ndinaiwala kupereka.