TILI PA MSIKA: Mkodzo ukamawotcha, musathamangire kapisozi wa pa benchi

Abale anzanga a geni, lero tikambe nkhani yomwe ambiri timachita nayo manyazi.

Mayi wina wogulitsa mpunga wa kilombero mu msika wa Karonga anandinong'oneza kuti pokodza pakumuwotcha, ndipo mkodzo ukungobwera pafupipafupi koma pang'onopang'ono. Wachitapo chiyani? Akuti wagula makapisozi anayi kwa venda, wamwa masiku awiri, wasiya. Pano akuti m'nthiti cham'mbuyo mwayamba kupweteka.

Mayi, pamenepo mwaputa mavu. Nthendayi nthawi zambiri amayambitsa ndi tizilombo ta E. coli tochokera m'matumbo. Timalowa m'njira ya mkodzo n'kukafika m'chikhodzodzo. Amayi ndiwo amavutika kwambiri poti njira yawo ndi yaifupi. Tsono ife, kutentha konse kwa Karonga kuno, timakhala pa benchi tsiku lonse osamwa madzi, mkodzo n'kumausunga poopa kulipira chimbudzi kapena kusiya katundu yekha. Opita ku Kyela kudzera pa Songwe, mumadzidziwa nokha.

Mankhwala akumwa alipo ndithu, monga nitrofurantoin ndi ciprofloxacin, koma wosankha ndi dokotala. Cipro si wa amayi oyembekezera, komanso samwera limodzi ndi mkaka kapena chambiko. Masiku amene adokotala anena, malizani onse ngakhale mutapeza bwino.

Kumwa mwachisawawaku kukutipweteka. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti pofika 2016, mwa tizilombo ta E. coli 10 topezeka m'magazi a odwala, pafupifupi 3 tinali titasiya kumva cipro. Bactrim ndiye anafooka kalekale.

Komanso si kuwotcha kulikonse kuli nthenda imeneyi. Magazi mu mkodzo kwa ife osamba m'nyanja akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Abambo mukaona mafinya, mwina ndi chinzonono. Pitani ndi akunyumba komwe. Kapisozi wa venda sadziwa kusiyanitsa zimenezi.

Thupi likatentha, mukamasanza kapena kumva kupweteka m'nthiti, tizilombo tafika ku impso. Apo tsekani geni, thamangani ku chipatala cha boma cha Karonga tsiku lomwelo. Oyembekezera musadikire n'komwe, mwana angabadwe masiku asanakwane.

Mayi uja ndamuperekeza ndekha, mpunga wake watsala ndi mnzake wa benchi yoyandikana. Mawa pobwera ku msika, musaiwale botolo la madzi.