Matenda a mitengo sadutsira pachipata pokha

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri kuno ku Chiponde mtengo wa pabwalo ukayamba kuuma. Anthu amati matenda a mitengo amachokera ku Mozambique, choncho ndi ntchito ya mabwana a pachipata, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi asadzivute n'kupanga malamulo. Ine mawu amenewa ndikuwakana, chifukwa mbiri ya dziko lathu lomwe lino ikuwatsutsa.

Nsabwe zimene zinaumitsa mitengo ya cypress, n'kuvutitsanso mkungudza wa ku Mulanje, zinapezeka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986. Ku Kenya zinakafika mu 1990. Chisaka cha nthochi chinaoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, chinasakaza minda ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, pamene ku Mozambique anachitsimikiza mu 2016, kutali ku Chókwè. Ndiye tikamaloza chala ku Mandimba, tsidya la Mozambique, tidziwe kuti nthawi zina ndi iwo amene akanatiloza ife.

Taonani mmene chisaka chinayendera. Nsabwe zimachitenga pa phata lina kupita pa lina m'dera limodzi. Koma ulendo wautali chinayenda ndi anthu: mphukira ya nthochi yopatsidwa ndi apongozi, yomangidwa pa kaliyala ya njinga, yokabzalidwa kuseri kwa bafa. Alangizi atanena kuti nthochi zodwala zizulidwe, wina anazula, mnansi wake anakana. Wozulayo atabzala mbewu yabwino, nsabwe zinangochoka kwa wokana uja n'kubwerera. Mlandu wotere, wa anthu awiri ogawana malire a dimba, bwana wa pachipata angauweruze bwanji? Umenewu ndi wa pabwalo la amfumu.

Chipata chili ndi ntchito yake, ndipo ndi yaikulu. Mu 2013 ku chigawo cha Nampula kunapezeka mtundu woopsa wa matenda ofotetsa nthochi, otchedwa TR4, amene amakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo amayenda ndi dothi la ku nsapato ndi matayala. Msewu wochokera kumeneko umadzera ku Cuamba ndi Mandimba n'kudzalowa kuno. Lamulo loteteza zomera la 2018 limafuna chilolezo pa mbewu zolowa m'dziko, ndipo liyenera kutsatidwa. Koma chipata ndi chimodzi, njira zachidule n'zosawerengeka. Anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo ndi pachibale, amayenderana pa maliro ndi pa unyago, ndipo palibe amene amakaonetsa kambande ka mango ku ofesi.

Funsaninso ana athu amene ali ku Joni. Mu 2017 ku Pietermaritzburg kunapezeka kachilombo kakang'ono ngati nankafumbwe, kamene kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu yotseka njira za madzi mu mtengo. Mitengo ya mthunzi ya m'misewu ya Johannesburg yauma nako, ndipo kafika mpaka ku Cape Town. Kokha sikauluka mtunda wautali. Kamayenda m'nkhuni. N'chifukwa chake makhonsolo kumeneko amauza anthu kuti mtengo wodwala usachoke pamalo pamene wadulidwira. Kwathu kuno, mtengo ukauma pasukulu, tsiku lomwelo nthambi zake zili pamitu ya anthu, kupita m'midzi isanu.

Lamulo la zankhalango la 1997 linapereka kale malo kwa makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Ambiri mwa malamulo awo amanena za makala, moto wolusa ndi mbuzi zodya mbande. Za matenda n'zosowa. Chofunika si chachikulu. Mtengo wa pamsika, pamzikiti kapena patchalitchi ukayamba kufota mosadziwika bwino, komiti iitane mlangizi wa zankhalango nkhwangwa isanagwire. Akatsimikiza kuti ndi matenda, nthambi ziwotchedwe pomwepo, chikwanje chitsukidwe chisanakhudze mtengo wina. Ndipo wokana kudula mtengo wake wodwala akayankhe kwa amfumu, monga amayankhira mwini ng'ombe zodya chimanga cha mnzake.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Mbande za m'machubu zidzadzaza m'misika, zina zili ndi masamba opiringizika ndi timatuza pa nthambi. Mafumu athu, itanani alangizi ayendere nazale za m'midzi mwanu tsikulo lisanafike.